Chowinda cha Mkungudza

Moni nonse, abale ndi alongo okondedwa mwa Ambuye. Ndiyambe ndi kuyamika Mwini moyo amene watidzutsa ndi mphamvu, natipatsa maso owerengera ndi mtima womvera. Ndikuthokozaninso inu posiya ntchito zanu kuti mukhale nane pang'ono. Nkhani yanga ndi ya mtsikana wina wa kwathu kuno kutsinde kwa phiri la Mulanje, ndi ya bambo ake, munthu woopa Mulungu, amene pofuna kuthokoza Kumwamba anatsala pang'ono kumutsekera mwana wawoyo tsogolo.

Lucy Namakhwa anatsika minibasi pa Chitakale dzuwa litapendeka, chikwama kumsana, magambutsi atawamangirira pachikwamapo. Chaka chake choyamba ku koleji ya zankhalango ku Dedza chinali chitatha. Atakwera kabaza wopita kwawo chaku Likhubula, anakweza maso kuphiri, mtima wake nukhala m'malo.

Sichinali chaka chophweka. Miyezi yoyamba anzake ankamuseka kayankhulidwe, ati Chilomwe chimamutulukira m'mphuno. Mayina a mitengo a Chilatini ankamupinda lilime, ndipo manja anachita matuza polambula njira zotchingira moto m'nkhalango. Anzake ambiri anapezeka kumeneko chifukwa malo a unamwino ndi uphunzitsi anali atadzaza, ndipo nayenso poyamba ankangoti bola sukulu. Koma tsiku lina mphunzitsi anafunsa m'kalasi ngati munali munthu wa ku Mulanje. Lucy anaimirira mwamanyazi. Mphunzitsiyo anauza kalasi yonse kuti mtsikanayu akuchokera kwawo kwa mkungudza, mtengo umene Mlengi anaupatsa phiri limodzi lokhalo, ndipo kuti mitengo yake ikuluikulu yatsala yongowerenga ndi zala.

Lucy anakulira m'fungo la mkungudza, pakuti bambo ake, a Thomson Namakhwa, anali kalipentala. Ali mwana ankasewera ndi zopalapala zake, osadziwa kuti akusewera ndi chinthu chimene chikutha. Kuchokera tsiku limenelo anadziwa chimene anabadwira. Anayala tsogolo lake mwandondomeko ngati mizere ya tiyi: akamaliza maphunziro adzagwira ntchito yobwezeretsa mkungudza m'phiri, kenako adzatsegula nazale yakeyake kumudzi, amayi a m'deralo azidzapezapo ganyu yothira dothi m'machubu. Khomo loyamba linali litatseguka kale. Patchuthi chimenechi anamulola kukaphunzira ntchito ku nazale ya mbande za mkungudza pamwamba pa phiri, kuyambira Lolemba lotsatira. Mayi Mukhuna, amene ankayang'anira nazaleyo, anamuuza pafoni mosapita m'mbali kuti amene agwira bwino ntchito amamuitananso akamaliza sukulu, koma dzina lake likangomveka pa nkhani ya thabwa limodzi lakuba, asadzaponde komweko.

Atafika pakhomo anapeza bambo ake atakhala pakhonde ndi amalume ake a Robson, mlongo wawo wa mayi ake, munthu wocheka matabwa wodziwa ngodya zonse za m'phiri. Anali akumwa thobwa.

"Imirirani, alamu, imirirani! Boma lafika!" anafuula a Robson, akuchita sawatcha ndi chikho m'manja. "Abwana a Folesiti, mutikhululukire, nkhuni zili kuseriko tinachita kutola."

"Ndaziona kale, amalume, ndipo zina n'zaziwisi," anayankha Lucy akuseka, nagwada kupereka moni.

Mayi ake, a Rosie, anatuluka m'nyumba akululutira, namugwira masaya kuona ngati a ku Dedza ankamudyetsa. A Namakhwa anachotsa chipewa, onse anaweramitsa mitu, ndipo iwo anathokoza Mbusa wabwino amene anamusunga mwanayo potuluka ndi polowa. Atanena ameni anatsokomola pang'ono, monga ankachitira akafuna kulengeza zinthu kutchalitchi, pakuti analinso mkulu wa mpingo.

"Lucy, wafika nthawi yabwino. Ukukumbuka chaka chija unangokhala pakhomo pano, anzako akutengedwa iwe osatengedwa? Ine ndinagwada m'shedi umo, ndi kuwinda pamaso pa Mulungu. Ndinati, Ambuye, mukamutsegulira khomo mwana uyu, ndidzakupangirani gome la Mgonero la mkungudza weniweni. Gome lili kutchalitchi kuja chiswe chinadya mwendo, timachita kuchirikiza ndi njerwa. Mulungu mbali yake anachita. Yatsala yanga. Ndinalengeza kale pamaso pa mpingo wonse kuti Mgonero ukubwerawu tidzadyera pa gome latsopano."

"Zabwino zimenezo, ababa. Nanga mkungudzawo muutenga kuti?"

A Robson anasendeza mpando, natsitsa mawu. Anati kuseri kwa chigwembe china, kumene ngakhale anyani amapita mopemphera, kuli mtengo umodzi waukulu umene palibe akuudziwa koma iwo okha. Kugwetsa ndi kucheka inali ntchito yawo. Chovuta chinali kutsitsa matabwawo, chifukwa alonda a nkhalango anali atakhwimitsa zinthu m'njira zonse.

"Ndiye apa ndi pamene Mulungu anaonetsa kuti amakonza zinthu patali," anatero a Namakhwa, nkhope ikuwala. "Pa makoleji onse, anakutumiza ku zankhalango! Tsiku lotsitsa matabwa iwe udzavala magambutsi akowo ndi kutsogola. Alonda akafunsa udzati ndi matabwa a sukulu, mukukawayeza. Ndani angaimitse mnzake wa ntchito?"

Lucy anayang'ana bambo ake kuti mwina akuseleula, koma m'maso mwawo munali chimwemwe chokhachokha. Iwo sankaona kuba pamenepo. Kwa iwo phiri linali la Mulungu, mtengo wa Mulungu, gome la Mulungu, tsono cholakwika chinali pati?

"Ababa," anatero mofatsa, "zimenezo sindingachite."

"Wati bwanji?"

"Sindingatsogolere matabwa amenewo. Ndipo ndikupempha kuti mtengowo usagwetsedwe. Mwina ndi umodzi mwa yomalizira imene ikubereka njere. Ine Lolemba ndikupita kukadzala ana ake, ndiye ndiyambe ndi kupha mayi wawo? Komanso zikangomveka, malo anga ku nazale atha, ndipo palibe amene adzandilembe ntchito m'phiri muno."

"Zimveka ndi ndani?" anatero a Robson. "Mphwanga, mbuzi imadya pomwe aimangirira. Anzako onse amatero. Iwe chaka chimodzi chokha wayamba kale kulankhula ngati wailesi?"

A Namakhwa sanakalipe. Anavala chipewa chawo pang'onopang'ono.

"Sukulu imeneyi ndinaipempha ndine kwa Mulungu," anatero. "Sindinkadziwa kuti idzandiphunzitsira mwana kundichititsa manyazi pamaso pa Mulungu yemweyo." Atatero ananyamuka kukalowa m'shedi.

Masiku otsatira pakhomopo panazizira. Bambo ndi mwana ankapatsana moni wa m'mawa, kenako aliyense zake. Pa mapemphero a banja a Namakhwa ankasankha dala mawu onena za kulemekeza atate ndi amayi, ndi onena kuti munthu akalonjeza kwa Mulungu asachedwe kukwaniritsa. Lucy ankayankha ameni ndi mtima wonse, chifukwa mawuwo sankatsutsana nawo. Iye ankawakonda bambo ake. Ankadziwa kuti fizi yake inkachokera m'manja okakala aja, m'zitseko ndi m'mipando imene ankapala mpaka msana kuwawa. Koma popita kukatunga madzi, akuimba chamumtima nyimbo za kukwaya, ankapeza kuti maganizo ake sakugwedezeka. Anapempha Mulungu chinthu chimodzi, kuti amupatse mawu osanyoza koma osabwerera m'mbuyo.

Lachisanu m'mawa, mame asanaume, a Robson anatulukira ndi kathumba ka kamba wa m'phiri, makaka ndi nyemba. Anabwera kudzatenga sowo yaikulu ya a Namakhwa, ija yocheka anthu awiri. Anapeza Lucy atakhala patsogolo pa chitseko cha shedi, atavala magambutsi. A Rosie anali chapafupi pamphasa, akusola nandolo m'lichero.

"Abwana, tapatukani ndidutse," anatero a Robson.

"Mwadzuka bwanji, amalume? Sowo ili m'katimu, sindikuletsani, si yanga. Koma ndati ndikuuzeni pamaso, kuti musadzati ndinakudyerani kuseri. Mukanyamula sowoyi kulowera kuphiri, ine ndinyamuka kulowera ku ofesi ya zankhalango. Ndikanena ndekha, ndi pakamwa panga, iwo asanamve kwa wina."

"Iwe! Ukamangitse malume wako? M'bale wa mayi ako, bere limodzi?"

"Sindikufuna mumangidwe, n'chifukwa chake ndikunena mtengo usanagwe. Ukagwa sudzadzukanso, amalume. Ngakhale mutalira bwanji."

A Namakhwa anatuluka m'nyumba atamva phokosolo, malaya osamanga mabatani.

"Lucy, choka pakhomopo."

Lucy anaimirira, napatuka, koma anagwada pambali pa chitsekocho.

"Ndachoka, ababa. Koma ndiloleni ndifunse kamodzi kokha. Munandiphunzitsa ndinu kuti nsembe imene munthu sanaimve kuwawa si nsembe. Mtengo uli kuphiriwo si wanu, si wa amalume. Simunaudzale, simunauthirire. Mukaupereka, mwapereka chiyani chanu? Ndipo pa gome limenelo abusa azidzanyema mkate, ife tikudziwa kuti linatsika m'phiri ndi bodza la mwana wanu. Ine ndizidzalandira bwanji Mgonero pamenepo?"

A Namakhwa anayang'ana kuphiri, kumene mtambo unali utakhala pamwamba ngati duku.

"Ndinalonjeza mkungudza," anatero ndi mawu otsika. "Sindinati paini, sindinati bulugama. Ndinatchula mkungudza, Iye akumva. Ukufuna ndikamuuze kuti Ambuye, pepani, ndinkacheza?"

Apa ndi pamene a Rosie anaika lichero pansi, nasasa manja.

"Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane," anatero, osayang'ana munthu. "Abambo ake a Lucy, ine ndakhala chete sabata yonse, koma tsopano zandikwana. Mukuvutitsa mwana ndi kutuma mlongo wanga kumaphompho, ngati mkungudza pakhomo pano palibe. Nanga matabwa ali kudenga aja?"

"Amake Lucy!" anatero a Namakhwa.

"Ayi, musandipsinyire diso. Matabwa ali pamwamba pa mitanda m'chipinda mwathu, okulunga m'masaka."

"Matabwa anji?" anafunsa a Robson, kathumba katalendewera m'manja.

"Afunseni eni ake. Anawagula kalekale, nthawi imene boma linkaloleza kucheka mitengo youma yokha, Lucy asanabadwe. Osalala, opanda mfundo ngakhale imodzi. Akusungira bokosi lawo la maliro."

A Robson anaphulika ndi phwete mpaka kukhala pansi.

"Bokosi! Alamu! Inu mukudya nafe, kuseka nafe, chonsecho munalongedza kale katundu wa ulendo? Mumagona pansi pa bokosi lanu usiku uliwonse?"

"Ndi ine ndemwe amandigoneka pansi pake," anatero a Rosie. "Ndikadwala malungo ndimangoyang'ana kudenga, n'kumati kaya ayamba ndani."

"Tsitsani mawu, anthu amva!" anatero a Namakhwa, akuyang'ana kumsewu. Ichi ndicho ankabisira: kwathu kuno munthu wosunga matabwa a bokosi lake amamunena kuti akuitana imfa, ena amafika pomuganizira zoipa. Koma iwo anali ndi chifukwa chawo, ndipo anachinena akuchita manyazi ngati mwana. Moyo wawo wonse anakhomera anthu ena mabokosi, ena okongola, ena a matabwa osapala. Ankafuna kuti tsiku lawo likadzafika, anthu adzati kalipentala wagona mu mkungudza, mtengo umene chiswe sichiuyandikira.

Lucy sanaseke. Anaona kuti chinthuchi chinali chamtengo wapatali kwa bambo ake, ndipo sanafune kuwakankha. Anangoti, "Amenewo ndi anu, ababa. Palibe angakulamuleni."

A Namakhwa anakhala pa benchi yopalira matabwa, manja ali pamaondo. Kenako anapukusa mutu, naseka pang'ono.

"Ndiye kuti ndinkafuna kumupatsa Mulungu za m'nkhokwe mwake, zanga nditabisa kudenga. Ha! Thomson iwe." Anadzuka. "Alamu, siyani kugubuduka apo. Tengani makwerero."

Anawatsitsa limodzilimodzi, fumbi ndi ndowe za makoswe zikugwera a Robson kumutu, iwo akudandaula kuti anabwerera ntchito ya m'phiri, osati kufukula maliro a munthu wamoyo. Atamasula masakawo pabwalo, matabwa anaoneka otuwa ndi ukalamba. A Namakhwa anatenga puleni, nayendetsa kamodzi pa thabwa lina. Pansi pa kutuwako panatuluka mtundu wonga uchi, ndipo fungo linadzaza bwalo lonse. Anayeza ndi tepi, nayezanso, akung'ung'udza nyimbo ya Mgonero.

"Likwana," anatero. "Pamwamba, miyendo, ndi kamtanda kakutsogolo. Sipatsala kanthu."

"Nanga inuyo mudzagona mu chiyani?" anafunsa a Robson.

"Mu paini, ngati Akhristu ena onse. Chiswe chikafuna chidzadye. Pa tsiku la lipenga sadzafunsa kuti unabwera m'bokosi lanji."

A Robson anatola kathumba kawo ka kamba, nakayang'ana mwachisoni. Lucy anawayandikira.

"Amalume, mtengo uja musauze munthu wina wocheka. Koma mayi Mukhuna ku nazale amafunafuna mitengo yobereka kuti azitolako njere, ndipo amalemba ganyu anthu odziwa njira. Mundilole ndikawauze kuti ndili ndi malume amene amafika kumene anyani amaopa?"

"Ine kugwira ntchito ndi a Folesiti? Anthu amene akhala akundithamangitsa moyo wanga wonse?"

"Ndiye akudziwani kale kuti mumathamanga. Sipafunikanso mayeso."

"Mwana uyu mwamulera molakwika, achemwali," anatero a Robson kwa a Rosie. Koma sowo anaisiya pamalo pake, ndipo potuluka pa mpanda anatembenuka n'kufunsa kuti mayi Mukhunawo amapezeka masiku ati.

Loweruka lonse bambo ndi mwana anali m'shedi, iwo akupala, iye akugwirira ndi kukwecha ndi sandipepa. Anamufunsa za ku koleji, zimene sanamufunse chifikireni: amadya chiyani, mayeso anayenda bwanji, chaka chachiwiri adzaphunzira zotani. Lucy anawafotokozera zonse, mpaka za nazale imene ankafuna kudzatsegula kuseri kwa nyumba yawo, pamene panali chinangwa.

"Ndiye mbande zakozo," anafunsa a Namakhwa, akupenda thabwa ndi diso limodzi, "zidzafika pochekeka liti?"

"Inu ndi ine sitidzakhalapo, ababa. Mwina zidzukulu za ana anga."

"Ntchito yodzala chimene sudzakolola." Anaganiza pang'ono. "Imeneyo ndi ntchito ya chikhulupiriro. Ugwire bwino."

Lolemba m'mawa a Namakhwa anamuperekeza Lucy mpaka pamene njira imayamba kukwera, atamunyamulira chikwama ngati mlendo wolemekezeka. Pa chipata cha alonda anaima, napereka moni mokweza, nauza mlonda amene anali pamenepo kuti uyu ndi mwana wawo woyamba, wa ku koleji, akupita ku nazale, ndipo amuyang'ane bwino nkhope chifukwa adzakhala akumuona zaka zambiri. Kenako anamusanjika dzanja pamutu, napemphera mwachidule, nabwerera msanga, pakuti miyendo ya gome inali isanalowe m'malo mwake. Lucy anamanga bwino chikwama, nayamba kukwera.

Tsono inu amene mwayenda nane mpaka pano, Mulungu wa mtendere akusungeni. Ana anu amene ali m'sukulu awapatse nzeru ndi msana wolimba, ndipo inu makolo akupatseni makutu omva ngakhale choonadi chitabwera ndi wamng'ono. Adalitse ntchito ya manja anu, imene mudzakolola nokha ndi imene adzakolola ena. Chisomo chake chikhale pa nyumba zanu, lero ndi masiku onse. Ameni.